Foni ya Malume Ikalira

"Nkhuku yokazinga!" a Bauleni anakuwa ali pakhomo, foni ataikweza m'mwamba ngati mlaliki wakweza Baibulo. "Annet, ukumva? Mwana wako ku Harare akudya ngati nduna. Nkhuku. Kenako saluni. Kenako famase. Ku famase amakatani mtsikana wosatsokomola?"

Mayi Annet, mlongo wawo, sanadzutse mutu. Anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Mufunseni nokha, achimwene. Si uyo wakhala apoyo?"

Violet analidi pomwepo, atakhalira chigubu cha madzi. Anali atafika dzulo lake kuchokera ku yunivesite. Tchuthi chachifupi. Chikwama anali asanamasule n'komwe.

"Malume, nkhukuyo ndinadya tsiku lomaliza mayeso. Kachidutswa kamodzi."

"Kamodzi? Foni yanga inalira kawiri!"

"Kachiwiriko anali sopo."

"Sopo wa m'sitolo ya magalasi! Kuno ku Mvurwi sopo anatha?"

Nkhani yake inali yotere. Violet akangoswaipa khadi lake la ku banki, uthenga sunkapita kwa iye. Unkalira m'thumba la malume ake. Akaunti inatsegulidwa iye akadali wamng'ono, ndipo amene anasaina ngati bambo anali a Bauleni. Pa pepala lake la kubadwa, bambo analinso a Bauleni. Bambo ake omubereka, a Lemani, analibe chitupa. Anabadwira pa famu yomweyi, makolo awo atachokera ku Dedza, koma m'mabuku a boma dzina lawo munalibe. Mzere wonse wa nyumba za pa komboni, mwini chitupa anali mmodzi. A Bauleni.

Chizungu a Bauleni sankachitha. Foni ikalira ankathamangira ku golosale ya mayi wina, Forget. Forget ankawerenga mokweza, pakhonde, anthu akumwa. Motero komboni yonse inkadziwa tsiku limene Violet wakonzetsa tsitsi.

"Dzulo ndikutsika kombi," Violet anatero, "a Jealous, munthu wamkulu ngati uja, akundilonjera kuti, 'Mhoro, Amai Nkhuku.' Anthu onse m'kombi kuseka."

"Ananama?"

"Ndalamazo si zanu, malume. Ndi thukuta la bambo ndi mayi, ndi thandizo la ku tchalitchi. Ndikabwerera ndikachotsa nambala yanu ku banki. Ndakula. Amalola."

A Bauleni anaseka. Mimba inaseka nawo.

"Kachotse. Koma uyambe wafunsa. Laini ya foni ya amako ili m'dzina la yani? Ya abambo akowa? Malipiro a maricho, maganyu aja, akalowa pa foni, amene amakatapa ndi chitupa chake ndani? Nditseke mawa lomweli, tione ngati mudzadya mauthenga."

"Mumakatapadi," Mayi Annet anatero, maso ali pa nyemba. "N'kudulapo ya nsapato."

"Nsapato zimatha, Annet! Msewu wa ku tauni si kapeti."

"Zoona, achimwene. Paja amati chitupa. Chanu chikutupitsadi. Malamba awiri chaka chimodzi."

Violet anabisa nkhope m'manja. Mapewa anamuulula.

"Seka," a Bauleni anatero, akuloza ndi foni. "Ine ndine malume, mwini mbumba. Ndinenso bambo, boma likudziwa. Anthu amangonena pakamwa kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ine ndinachita kusaina."

Nthawi yonseyi a Lemani anali pakona, akusoka thumba long'ambika. Anadula ulusi ndi mano.

"Violet," anatero motsitsa mawu, "nambala ya alamu usaichotse. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Umaigwira ndi manja awiri."

"Mwamva?" a Bauleni anatero. "M'nyumba muno wanzeru alimo mmodzi." Anatuluka. Nsapato zinalira pa miyala. Zinali zatsopano.

M'mawa mwake Violet anatsatira bambo ake ku chigafa. Ankasankha fodya wa mwini munda watsopano. Famu yakale ija inagawidwa, eni ake anasintha, koma manja osankha anali omwe aja. Fumbi la fodya linam'gwira pakhosi. Anayetsemula. A Lemani sanayetsemule.

"Bambo, a zitupa akubwera pa sukulu ya pulayimale mwezi wamawa. Alengeza ku tchalitchi."

"Ndamva."

"Malamulo anasintha kalekale. Wobadwira kuno ndi wa kuno."

"Malamulo anasintha. Tebulo silinasinthe. Ukafika kutsogolo amafuna mboni ya chitupa, yokudziwa kuyambira ubwana. Ulendo watha alamu anadwala mwendo. Winawo kunali maliro. Womwalirayo mpaka lero sindinamumve dzina."

"Ndiye mukhala chete mpaka liti?"

"Kukhala chete kwangaku ndi kumene kwakufikitsa ku Harare, mwanawe."

Violet anatola tsamba, nalitambasula, naliika pa mulu wolakwika. A Lemani analichotsa.

"A tchalitchi alipira gawo lawo la fizi," anapitiriza. "Zotsalazo ine ndi amako taika kale mu akaunti yako. Ukangofika, kalipire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Bambo, ku ofesi ya fizi kuli malo olemba wolipira. Mukudziwa analemba ndani?"

"Alamu. Amafuna nambala ya chitupa."

"Alipirapo kangati?"

A Lemani anamuyang'ana. Kenako anayang'ana denga la chigafa, louma ngati chisa.

"Iwe. Usandiyatsire moto pafupi ndi fodya."

Tsiku lobwerera, Violet anadzuka n'kupita ku tauni ya Mvurwi. Analowa m'banki. Anatapa zonse. Anabwerera kunyumba, nakankhira ndalamazo m'manja mwa mayi ake.

"Sungani. Musadye, musabwereke munthu."

"Maiwe! Za fizi?"

"Zomwezo."

"Ukapanda kulipira sakulola kulemba mayeso. Unanena wekha. Chaka chonse kupita m'madzi?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Abambo ako akusankha fodya mpaka maso kufiira. Iwe ukusewera nazo bawo?"

"Bawo yake ndi imodzi yokha. Ndikagonja, mudzanditumizire, ndidzapepesa kwa malume nditagwada."

Mayi Annet anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamanga ndalamazo pa nsonga ya chitenje. Mfundo ziwiri.

"Mtima umenewu sunautenge kwa a Lemani," anatero. "Thamanga, kombi ikusiya."

Pa nthawi yomweyo, ku golosale, Forget anali akuwerenga uthenga wa ku banki. A Bauleni anafika kunyumba akupuma ngati thirakitala. Anapeza fumbi la kombi lokha.

"Watapa zonse! Annet, mwana wako wakolopa akaunti! Kuli mwamuna ku Harare, ine ndikukuuza!"

"Mwina alipo," Mayi Annet anatero. "Inu ndinu bambo ake. Mudzalandira malowolo."

A Bauleni anaima. Anaganiza. Mkwiyo unatsika pang'ono.

Kenako foni inakhala chete.

Ku Harare, Violet anaika khadi pansi pa sutikesi. Madzulo ankaluka anzake tsitsi m'hositelo, iwo n'kumamulipira pamanja. Iye ndi Rutendo, mnzake wa m'chipinda, ankasonkha n'kugula ufa, matemba ndi kabichi ku msika. Nkhuku anaiiwala. Anatulukira chinthu chimodzi chimene m'kalasi sanaphunzitse: ndalama ya m'manja ilibe pakamwa. Koma tulo sitinkabwera bwino. Pa chitseko cha ofesi ya fizi anali atamata chenjezo. Tsiku lililonse ankadutsapo akuyang'ana kumbali. Tsiku lina analowamo, nanena mawu ochepa.

"Tumizani uthenga kwa bambo anga. Nambala muli nayo."

Ku komboni, khonde la Forget linazizira. A Bauleni ankabwerabe masana alionse. Ankaika foni patebulo. Ankaiyang'ana. Ankaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Wailesi yathu yatha mabatire?" a Jealous anafunsa. Anali mlonda wopuma ntchito, wa ndevu zoyera, wosasowa pakhondepo.

"Ndi netiweki."

"Netiweki ikusankha inu nokha, sekuru, malume athu tonse? Ife tinazolowera nkhani za masana. Lero mwana wadya chiyani? Kapena wasiya kudya?"

"Ndikamuimbira sakuyankha za ndalama. Angoti, 'Ndili bwino, malume.' Bwino wake uti wopanda risiti?"

Forget anaseka ali kuseri kwa kauntala. "Mugule nyuzipepala, a Bauleni. Imeneyo imatuluka tsiku lililonse."

Masabata anadutsa. Ndipo masana ena, dzuwa lili pamutu, foni inalira.

A Bauleni anadumpha ngati alumidwa ndi linthumbu. "Yalira! Bwerani! Jealous, itana anthu! Forget, siya kasitomalayo!"

Anthu anabwera. Amayi ochokera ku mjigo anatula zidebe. Forget anapukuta manja, natenga foni. Anawerenga chamumtima kaye. Anadziluma mlomo kuti asaseke.

"Werenga mokweza! Wadya chiyani?"

"Uwu si wa ku banki. Ndi wa ku yunivesite."

"Chabwino kwambiri! Wapalamula! Werenga!"

"Akuti, 'Okondedwa kholo.'"

"Ndine!" A Bauleni anadziguguda pachifuwa, akuyang'ana anthu. "Mwamva? Kholo."

"Akuti fizi ya mwana wanu Violet sinathe kulipidwa. Inuyo, monga wolipira wolembedwa, mulipire mwezi uno usanathe. Mukapanda kutero mwana salemba mayeso, ndipo ngongoleyo ikhala pa dzina lanu ndi pa nambala ya chitupa chanu."

Forget anatchula kuchuluka kwake. Mayi wina anaimba mluzu.

"Werenganso. Walakwitsa."

"Sindinalakwitsepo pa nkhuku. Ndilakwitse lero?"

A Jealous anavula chipewa, nawerama mwaulemu, nawayamikira m'Chishona. "Makorokoto, baba vaViolet! Boma likukudziwani. Yunivesite ikukudziwani. Ife amphawi satilembera makalata."

"Alakwitsa nambala!"

"Walira mvula walira matope, sekuru."

Khonde lonse linagwa ndi phwete. A Bauleni analanda foni, naibisa mkati mwa jekete, ngati ingalirenso.

Loweruka Violet anabwera. Anali ataonda pang'ono. Anapeza malume ake atafika kale, atakhala pampando wa a Lemani, eni ake ali pa chigubu. Anthu ena anaima chapatali, akunamizira kuyanika zovala. A Jealous sananamizire. Anabwera ndi mpando wawo.

"Ndalama unatapa zija zili kuti?" a Bauleni anayamba, moni osapereka.

"Ndinabweza kwa eni ake, malume."

"Eni ake ati?"

"Bambo awa." Analoza a Lemani. "Ndinaona kuti si bwino. Munthu woti m'mapepala mulibe, wachilendo, azindilipirira sukulu bambo anga ali moyo? Anthu angakunyozeni."

"Usandiseweretse, iwe mwana! Annet, tulutsa ndalamazo!"

"Ine ndilibe chitupa, achimwene. Nditulutsa bwanji ndalama popanda chitupa?"

Ku chingwe cha zovala wina anatsamwa.

"Nditseka malaini anu onse! Lero lomwe!"

Zimenezo sizinali nthabwala. Malipiro a mwezi wonse wa ku chigafa anali asanalowe. Mayi Annet anagwira mfundo ya chitenje. Violet anayang'ana pansi. Mawu ake atatuluka anali aang'ono.

"Mukhoza kutseka, malume. Ife tigona ndi njala. Ine ndiluza chaka. Koma kalata ija ibwerabe kwa inu. Chaka chamawa ibweranso. Ine sukulu sindisiya."

"Ndiye ndigulitse chiyani? Njinga? Mbuzi? Chifukwa cha mwana wa eni?"

"Mwana wa mnzako ndi wako yemwe," a Jealous anakumbutsa. "Munachita kusaina."

"Khala chete, iwe mlonda wogona! Mwana uyu si wanga! Ndinamubereka ine? Tayang'anani mphumi. Tayang'anani makutu. Ndi Lemani yekhayekha! Si wanga, ndipo sanakhalepo wanga!"

Mawuwo anamveka mpaka ku mjigo.

A Lemani anadzuka pa chigubu. Pang'onopang'ono. Anasasa fumbi pa thalauza.

"Alamu."

"Chiyani?"

"Mawu amenewo ndawadikira kuyambira mwanayu ali kumbuyo kwa amake. Mwanena bwino. Koma mwanenera pamalo olakwika. Pano tonse tikudziwa kale."

A Bauleni anatsegula pakamwa. A Lemani sanawapatse mpata.

"Munatithandiza, alamu. Sindikana. Popanda dzina lanu mwanayu sakanalemba ngakhale mayeso a pulayimale. Ndinathokoza. Ndathokoza ndi nkhuku. Ndathokoza ndi nsapato. Ndatopa kuthokoza. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mukufuna ubambo, nyamulani wonse, ndi fizi yomwe. Simukuufuna, nditulireni. Koma ku ofesi salemba wolipira wopanda nambala. A zitupa afika Lachinayi pa sukulu. Akufuna mboni."

"Lachinayi ndili ndi..."

"Maliro?" Mayi Annet anafunsa mokoma. "A ndani ulendo uno, achimwene? Tikonzeke."

"Mwendo," a Jealous anathandiza. "Nenani mwendo."

A Bauleni anayang'ana mlongo wawo. Anayang'ana Violet. Anayang'ana amayi a pa chingwe, amene tsopano anali atasiyiratu kunamizira. Ambiri a iwo malaini awo analinso m'dzina lomwelo. Palibe amene ankaseka.

"Ndiona," anatero. Anadzuka, nabweza mpando kwa mwini wake osazindikira.

Lachinayi m'mawa, amene anagogoda pa chitseko cha a Lemani anali a Bauleni. Jekete, tayi, chitupa m'thumba la pachifuwa.

"Fulumirani, alamu! Mzere ukula! Mukufuna mwezi uthe?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," Mayi Annet anatero, akupatsa amuna awo malaya oyera.

Pa sukulu mzere unazungulira bwalo la mpira. Nkhalamba za ndodo. Amayi obereka ana. Achinyamata olankhula Chishona chokhachokha, maina awo a Phiri ndi a Banda. A Bauleni atangofika, anthu a pa komboni anayamba kusendera. Wina kumanzere. Wina kumanja.

"Poti mwabwera kale, a Bauleni, inenso mumandidziwa kuyambira ubwana."

"Ndi ine, sekuru. Tinkaba mango limodzi."

"Ine ndabwerera munthu mmodzi!"

"Nsapato ndi zomwezo," a Jealous anatero. "Tinalipira kale."

Dzuwa linapendeka a Bauleni akadali pa tebulo. Ena anabwezedwa kuti akabwere ndi mapepala ena. Mayi wina wokalamba analira, poti womudziwa kuyambira ubwana analibenso padziko. Koma a Lemani anadutsa. Anawadinda zala. Zala zake zinali zitasalala ndi fodya, mpaka kalaliki anabwereza. Anawajambula. Anawauza kuti asamwetulire. Zinawavuta.

Anatuluka ndi pepala lodikirira chitupa. Nambala inalipo. Za pepala la kubadwa la Violet, kalaliki anati imeneyo ndi nkhani ina, yaitali, ya ku ofesi yaikulu. A Lemani anavomera. Kudikira ankakudziwa.

Violet anawadikira pansi pa mtengo wa bulugamu. Anajambula pepalalo ndi foni yake. Mayi Annet anamasula mfundo ziwiri zija.

"Mawa m'mawa ndili pa ofesi ya fizi," Violet anatero. "Wolipira: Lemani. Ndikatuluka apo, ku banki."

"Ukachotse!" a Bauleni anakuwa ali chapatali, tayi ili m'manja. "Nambala yanga ukaichotse paliponse! Ndisadzamvenso!"

"Ndamva, malume. Zikomo."

A Lemani anapinda pepala lawo mosamala, naliika m'thumba la malaya, nagwirapo ndi dzanja. Anayenda pang'ono ndi mwana wawo kulowera ku siteji ya kombi. Anatsokomola.

"Ndiye kuti tsopano, ndikalembetsa laini yanga, mauthenga aja azibwera kwa ine?"

"Ayi, bambo. Azibwera kwa ine."

"Oo." Anayenda mapazi angapo. "Ine pakhonde paja sindinkakhalapo. Koma ndinkadutsa. Ndikamva akuseka za nkhuku, mumtima ndinkati, basi, mwana wadya. Masabata apitawa foni ili chete, nsima sinkatsika."

Violet anaima. Kombi inali ikuimba hutala.

"Nanga ndizidziwa bwanji?" a Lemani anafunsa.

"Muzindifunsa, bambo."

Patapita masiku, Violet akutuluka m'chipinda cha mayeso, foni yake inalira. Nambala yachilendo. Anayankha. Kumbali inayo kunamveka mphepo, tambala, ndi munthu akupumira pafupi kwambiri ndi foni.

"Halo? Ndi Lemani. Wa laini yake." Anatsokomola. "Wadya?"